Mmisiri Wonyozedwa Usana ndi Kufunidwa Usiku

Pali cinthu cimene cicitika m'mizinda ya Zambia caka ndi caka, ndipo cingacitike ku Chilenje, ku Matero kapena ku Libala monga momwe cicitikira ku Ndola ndi ku Chipata. Pakati pa usiku wa mwezi wa Juni, anthu onse ali m'tulo, mai wa m'nyumba amva mkokomo ngati wa mvula, pamene nyengo ya mvula inapita kale. Atsitsa phazi lace pansi naponda m'madzi. "Atate ace a mwana, dzukani, nyumba yasanduka dambo!" Mwamuna adzuka. Iye ndi munthu wophunzira, makalata ace a sukulu ali opacikidwa pa khoma, malamulo a m'ofesi awadziwa pamtima, ndi nkhani za maiko akutali azitsata tsiku ndi tsiku. Koma cinthu cimodzi sacidziwa, ndico malo pamene atsekera madzi a nyumba yace. Athamanga uku ndi uku ndi ndowa, akulunga paipi yophulikayo ndi nsanza, atukwana Boma, atukwana Khonsolo, atukwana kampani ya madzi. Ndipo madziwo, pokhala osamva kutukwana, angopitirira kulowa m'thumba la ufa ndi m'mabuku a ana.

Zonse zitalephereka, mwamunayo akumbukira kuti kuseri kwa msika kukhala pulambala wina, munthu wa ovolosi yothimbirira, amene iye amamdutsa masiku onse osampatsa moni, ndipo akamlankhula amuti "iwe" ngakhale ali ndi imvi. Usiku umenewo ulemu ubwera wokha. Agogoda pa citseko mofatsa, nati, "Pepani amisiri, takudzutsani pakati pa usiku. Tithandizeni bambo, katundu yense watha." Mmisiri atenga nyali ndi thumba lace la zitsulo, ndipo pofika pa nyumbayo salowa ndi m'kati momwe. Apita ku mpanda kufupi ndi mita, afukula dothi ndi udzu zimene zinakwirira cotsekera cacikulu kwa zaka khumi, acipotoza, ndipo mkokomo uleka. Kutaca, pansi patauma, ulemu uja uuma nao. "Ndalama zonsezi cifukwa ca kungopotoza kacitsulo? Iwe, usandibere."

Nkhani iyi iseketsa, koma m'kati mwace muli mlandu waukulu. Ngozi zambiri za madzi ndi za moto m'nyumba za m'tauni, zimene anthu azicha zadzidzidzi, siziri zadzidzidzi konse. Zinayamba kale usana, pamene mwini nyumba anaona dontho nalinyoza, anaona dzimbiri nalambalala, anaona mmisiri namyesa wacabe. Usiku ungodzalonjerera ngongole imene inakongoledwa usana. Anthu a m'mizinda analandira nyumba, koma udindo wa nyumba sanaulandire. Ndipo kufikira ataulandira, adzapitirira kulipira mowawa, ndi ndalama zao, ndiponso nthawi zina ndi miyoyo ya ana ao.

Cizolowezi cimeneci ciri ndi mbiri yace. Pa nthawi ya Northern Rhodesia munthu wakuda sanayesedwe mwini tauni, koma mlendo wodzagwira nchito, ndipo nyumba inayendera pamodzi ndi nchitoyo. Lusaka atasanduka likulu mu 1935, ndipo makamaka lamulo la 1948 la nyumba za anthu akuda m'matauni litakhazikitsidwa, olemba nchito ndi makhonsolo ndiwo anasenza udindo wopezera anchito pogona. Momwemo anamangidwa Matero ndi Chilenje, ndi pambuyo pace Libala ndi malo ena. Nyumba inali ya Khonsolo, kapena ya Boma, kapena ya mgodi. Mpopi ukadontha, wokhalamo anapita ku ofesi kukalembetsa dandaulo lace, ndipo anthu a Public Works Department, kapena a Khonsolo, kapena a kampani ya mgodi anabwera ndi zitsulo zao, kaya mawa kaya mwezi wamawa. Mbadwo wathunthu unakula wosadziwa kuti paipi iri ndi mtengo, ndi kuti kamphira ka m'kati mwa mpopi kamatha monga ithera nsapato.

Mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo, ndipo nyumba za Boma ndi za ku migodi zinatsatira. Zambiri zinapita pa mtengo wochipa ndithu, ndipo anthu anakondwera, pakuti amene anakhala moyo wao wonse ngati alendo tsopano anali ndi pao. Koma pamodzi ndi makoma ndi malata, wogulayo anagulanso mapaipi a citsulo amene anakwiriridwa atate ace ali anyamata. Paipi ya citsulo idyedwa ndi dzimbiri kuyambira m'kati, mmene diso silifika; njira ya madzi icepa pang'ono pang'ono, citsulo cipyapyala, kufikira tsiku lina cibooka. Paipi imene inaikidwa mu 1956 inali ndi zaka 40 pa tsiku logulitsidwa nyumba, ndipo imene ikalipobe yapitirira kale zaka 60. Buku lolembamo madandaulo a nyumba zimenezo linatsekedwa, koma mtima wodikira ofesi sunatsekedwe. Mwini nyumba akali kukhala m'nyumba yace ngati munthu wobwereka, kuyembekeza galimoto ya amisiri imene siidzabweranso.

Malire a udindo ngodziwika, ngakhale ambiri acita ngati sawadziwa. Potsata lamulo la madzi la 1997, limene linakhazikitsanso bungwe loyang'anira la NWASCO, madzi a m'mizinda ayendetsedwa ndi makampani a madzi. Kampani ifikitsa madzi pa mita. Kuyambira pa mita kulowa ku nyumba, paipi iri yonse, mpopi uli wonse ndi dontho liri lonse nza mwini nyumba. Malipoti a NWASCO aonetsa kwa zaka zambiri kuti pafupifupi theka la madzi amene makampani atulutsa silibweretsa ndalama, ena atatayika m'mapaipi obooka, ena atabedwa. Anthu amva zimenezi napukusa mitu, ndipo ayenera kutero. Koma yemweyo wopukusa mutu abwerera kwace kumene mpopi wa pabwalo unamangidwa ndi mphira wa njinga kuyambira caka catha. Mpopi wodontha kamodzi pa sekondi utaya malita ngati 30 pa tsiku, ndiko kuti cigubu cimodzi ndi theka; pa caka apitirira malita 10,000. Thanki ya cimbudzi imene siitseka bwino ikhoza kutaya malita oposa 200 pa tsiku mwakacetecete. Ena a madzi amenewo acokera ku mtsinje wa Kafue, ayeretsedwa ku Iolanda, akankhidwa ndi makina mtunda woposa makilomita 40 kukwera ku Lusaka, kuti adzathere m'matope a kuseri kwa bafa, pamene mai wa ku Kanyama aima pa mzere ndi cigubu cace kuyambira tambala woyamba. Ndipo kamphira koletsa kutaya konseku mtengo wace sufika pa botolo limodzi la mowa.

Madzi ozizira aononga katundu, koma madzi otentha apha. Giza, thanki yotenthetsa madzi imene ena aipacika pa khoma ndi ena aibisa m'denga, mwini wace aiganizira tsiku limodzi lokha, ndilo tsiku limene yaleka kugwira nchito. M'kati mwace muli citsulo cotenthetsa madzi ndi magetsi. Muli kacipangizo kozimitsa magetsiwo madzi akafika pa madigiri 60, kapena pamene mmisiri anaikira. Ndipo pambali pace pali kacitseko ka citetezo kamene katseguka kokha mphamvu ya m'kati ikaculuka. Lusaka anamangidwa pa mwala wa laimu, ndipo madzi a m'zitsime zace zakuya ali ndi laimu wambiri. Ali yense amene anasuzumirapo m'ketulo yakale adziwa makoko oyera amene amata pansi pace. Makoko omwewo amata pa citsulo ca m'giza, cotero kuti kutentha kukanika kutuluka bwino, ndipo citsuloco cipsa nthawi yace isanakwane. Cipsanso msanga koposa ngati thanki yauma magetsi ali ciyakire. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi a ku Kariba, madera ambiri anakhala opanda magetsi maola ofika 20 ndi kuposa pa tsiku, ndipo popeza makina okankha madzi adya magetsi omwewo, madzi naonso anabwera mwa apo ndi apo. Pa nthawi yotere, magetsi akabwera pakati pa usiku napeza thanki youma imene mwini wace sanaizimitse, m'mawa mwace banja lisamba madzi ozizira, ndipo mlandu auponya pa kampani ya magetsi.

Coopsa koposa ndi ici. Giza imadontha pang'ono pa kapaipi kace madzi akamatentha, pakuti madzi akatentha afufuma ndipo ayenera kupeza potulukira. Koma alipo anthu amene, ponyansidwa ndi kudonthako, aitana mnyamata wa pa mseu kuti atseke potulukira ponse ndi citsulo. Tsiku limene kacipangizo kozimitsa magetsi kafa, madzi apitirira kutentha m'thanki yotsekedwa ponseponse. Ndipo madzi akasanduka nthunzi afuna malo oposa a poyamba nthawi 1,600. Thanki yotere iphulika ngati bomba, ndipo ikhoza kugwetsa khoma ndi kusasula denga. Ngakhale isaphulike, thanki ya malita 150 yodyedwa ndi dzimbiri ikang'ambika m'denga, madzi otentha olemera makilogalamu 150 atsikira pa amene agona pansi pace. Palibe munthu angalole kuyala mphasa ya mwana wace pansi pa mphika wowira. Koma anthu agoneka ana pansi pa giza zaka 15 osaitana wina kudzaiona.

Pamene magetsi palibe, anthu abwerera ku mbaula, ndipo pamenepo pali imfa ina yacete. Lusaka ali pamtunda, mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kuzizira kutsika pansi pa madigiri 10. Mai wacifundo alowetsa mbaula m'cipinda, atseka mazenera, atseka ndi nsanza mpata wa pansi pa citseko kuti ana asazizidwe. Makala oyaka m'cipinda cotsekedwa atulutsa mpweya woipa wochedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo, suoneka ndi maso, ndiponso sutsokomoletsa. Ulowa m'magazi nulanda malo a mpweya wabwino, pakuti magazi augwira mwamphamvu koposa wabwinowo nthawi 200. Woupuma amva mutu kuwawa, cizungulire ndi kufooka, ayesa kuti ndi tulo, ndipo m'mawa anansi athyola citseko. Makolo a ku mudzi anasonkha moto m'nyumba, inde, koma nyumba ya udzu inali yopuma. Utsi unatulukira m'denga ndi m'mipata ya pamwamba pa khoma. Nyumba ya njerwa, ya malata ndi magalasi, siipuma. Kusamutsa cizolowezi ca m'nyumba ya udzu ndi kucilowetsa m'nyumba ya simenti ndiko kutenga theka la nzeru za makolo ndi kusiya theka linalo. Pa maliro otere anthu anena za tsoka, ena anong'ona za ufiti ndi kuloza nkhalamba yosacimwa. Koma mbaula ikadatulutsidwa anthu asanagone, maliro sakadakhalapo.

Kwatsala paipi ina imene anthu aulemu sakonda kuichula, ndiyo yocotsa zonyansa. Mapaipi a suweji a m'malo akale anayesedwera banja limodzi pa nyumba imodzi. Nyumba zitagulidwa, eni ace ambiri anamanga zipinda zobwereketsa kumbuyo, ena pamwamba penipeni pa paipi ndi pa dzenje loyang'aniramo, kotero kuti pakatsekeka mmisiri ayenera kuswa pansi pa cipinda ca munthu. M'cimbudzi muponyedwa nsanza, matewera, mapepala olimba ndi zitsononkho. Motsukira mbale mutsanulidwa mafuta ndi mcenga wokwecera mapoto. Zibvundikiro za citsulo za pa maenje zibedwa kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo miyala ndi zinyalala zigweramo. Zonyansa zikabwerera ndi kusefukira pabwalo, ana asewera momwemo masabata awiri, pamene akulu ali kukangana za amene ayenera kulipira.

Apa nkhani ya nyumba imodzi isanduka ya mzinda wonse. Paipi ya madzi akumwa ikakhala yodzaza, bowo lace litulutsa madzi kunja. Koma madzi akaleka kubwera, bowo lomwelo liyamwa za kunja kulowetsa m'kati. Ngati paipiyo idutsa m'matope a suweji, banja limwa m'mawa zimene linataya dzulo. Ndiponso mwala wa pansi pa Lusaka uli ndi ming'alu ndi mapanga, mmene zonyansa ziyenda msanga kukafika ku zitsime. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2017 inagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka, ndipo 98 a iwo anamwalira pofika Meyi 2018. Imene inayamba mu Okutobala 2023 inali yoopsa koposa: m'dziko lonse odwala anapitirira 20,000, akufa anapitirira 700, sukulu zinacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala. Sikungakhale koona kunena kuti imfa zonsezo zinacokera ku mapaipi obooka. Gwero lalikulu linali zitsime zosaya ndi zimbudzi zokumba m'makomboni mmene mapaipi sanafike mokwanira, ndipo mlandu umenewo ngwa olamulira. Koma amene ali ndi mwai wa paipi nailekerera, aitanira yekha m'nyumba mwace bvuto limene mnzace wa m'komboni alilira njira yolithawira.

Wina adzati, "Zonsezi nzokoma pa pepala, koma anthu alibe ndalama." Umphawi ulipo, ndipo wosauona ngwakhungu. Koma wosauka ndiye ayenera kuopa kwambiri ngozi ya usiku, pakuti wolemera denga likagwa agula lina, pamene wosauka agona panja. Kudziwa pamene pali cotsekera sikulira ngwee. Kuzimitsa giza madzi akacoka sikulira ngwee. Kutulutsa mbaula sikulira ngwee. Ndipo woyenda m'miseu ya mzinda adzaona kuti nyumba zambiri za mpopi womangidwa ndi mphira ziri ndi mbale ya wailesi yakanema pa denga, ndi mpanda wa njerwa wopakidwa utoto wonyezimira. Ndalama zipita ku zinthu zimene odutsa pa mseu aziona. Paipi, pokhala yokwiririka, siipatsa munthu ulemu, ndipo cifukwa cace ikhala yomariza pa mndandanda kufikira itadzilankhulira yokha.

Winanso adzati, "Nanga makampani a madzi, amene asiya paipi yaikulu iri kutaya madzi pa mseu masiku ambiri, natumiza bilu ya madzi amene sanabwere?" Kumene zotere zicitika dandaulo limeneli nloona, ndipo liyenera kunenedwa mokweza, ku kampaniko poyamba, ndi kwa oyang'anira makampani ngati silimveka. Koma kulakwa kwa kampani sikutseka bowo la m'bafa la munthu, ndipo mau a wodandaula alemera kwambiri pamene pabwalo pace pali pouma. Mlandu wina wolemera ugwera eni nyumba zobwereketsa, amene tsiku loyamba la mwezi afika m'mamawa kudzatenga lendi, koma akauzidwa za cimbudzi cotsekeka asanduka anthu a maulendo. Wolandira lendi walandira ndi udindo womwe. Kudya ndalama za banja ndi kulisiya lipume fungo la suweji ndi kuba kobvala jekete. Wobwerekayo naye, amene aona cinyezi pa khoma nakhala cete poopa kuti lendi ingakwere, akumbukire mbewa ya manyazi imene inafera ku una.

Koma muzu wa zonsezi ndi kunyoza nchito ya manja. Pa nthawi ya atsamunda mu Lusaka munali sukulu ya Munali, kumene anaphunzira ambiri amene anadzatsogolera dziko, Kenneth Kaunda mmodzi wa iwo. Munalinso sukulu ya Hodgson, kumene anyamata anaphunzira kumanga, kupala matabwa ndi maluso ena otere. Makolo anali ndi cifukwa comveka cokondera colembera koposa sipanala. M'migodi ndi m'makampani, nchito za umisiri weniweni zinasungidwira Azungu, ndipo munthu wakuda wogwira zitsulo anakhala wonyamulira mnzace thumba kufikira ukalamba, pamene kalaliki wa tayi anali ndi mpando ndi tebulo. Tsankho limenelo linatha, dziko linalandira ufulu mu 1964, koma manyazi amene tsankholo linabzala akali ndi moyo. Kufikira lero mwana akalephera mayeso ndiye auzidwa kuti angopita ku za mapaipi, monga ngati kuyendetsa madzi akumwa ndi zonyansa m'nyumba imodzi popanda kuzisanganiza ndi nchito ya mbuli. Pulambala weniweni ayenera kudziwa kutsetsereka koyenera kwa paipi kuti zonyansa ziyende zokha, mphamvu ya madzi, kufufuma kwa zitsulo zikatentha, ndi ngozi ya magetsi pafupi ndi madzi. Dokotala aciritsa odwala kolera mmodzi mmodzi, ndipo ayenera ulemu wace. Mmisiri wolumikiza bwino paipi aletsa mseu wathunthu kudwala, koma dzina lace silimveka, pakuti matenda amene sanabwere palibe awawerenga.

Zipatso za kunyozako nzowawa. Nchito imene anthu aicepsa ndi kuilipira monyinyirika, anzeru aithawa, ndipo malo ao alowa ali yense amene wabwereka sipanala. Zikwangwani zao ziri pa mitengo ya m'mbali mwa miseu, dzina la nchito ndi nambala ya foni. Ena mwa iwo ndi amisiri oona, ophunzira m'sukulu za umisiri, okhala ndi makalata a TEVETA, bungwe limene lamulo la 1998 linakhazikitsa kuti liyang'anire maphunziro otere. Enanso anaphunzira zaka zambiri pansi pa mmisiri wamkulu ndipo manja ao ngokhulupirika. Koma alipo ena amene alumikiza mapaipi ndi pulasitiki yowamba pa moto, atseka kacitseko ka giza, alandira ndalama za zipangizo zatsopano naika zakale, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yao izima. Otere ayenera kudzudzulidwa kolimba, ndipo oyamba kuwadzudzula akhale amisiri anzao, pakuti aipitsa dzina la onse. Aliponso amene, poona munthu ali m'madzi pakati pa usiku, achula mtengo wa ng'ombe. Kumeneko ndi kulanda. Komabe mwini nyumba amene safuna mmisiri kufikira madzi atafika m'maondo wadzitsekera yekha mpata wosankha. Usana akadaona makalata, akadafunsa anansi, akadalinganiza mitengo. Usiku atenga ali yense amene wayankha. Akulu anati safunsa anadya phula.

Zofunika kucita nzocepa, ndipo mwana wa sukulu akhoza kuziloweza. Ali yense m'nyumba, mai, mwana wamkulu ndi wanchito yemwe, aonetsedwe cotsekera cacikulu, ndipo cizipotozedwa kamodzi kamodzi kuti cisagwidwe ndi dzimbiri. Paipi ikaphulika, coyamba ndi kutseka pamenepo. Caciwiri, ngati madzi afika ku mawaya kapena atsika m'denga, ndi kuzimitsa magetsi a nyumba yonse, munthu ataima pouma ndi manja ouma. Cacitatu ndi kutsegula mipopi kuti madzi otsala m'mapaipi atuluke. Pamenepo ndipo aitanidwe mmisiri. Wofuna kudziwa ngati pali bowo lobisika atseke mipopi yonse nakayang'ane mita: ikapitirira kuyenda, madzi ali kuthera pansi. Giza izizimitsidwa madzi akacoka, izionedwa ndi mmisiri kamodzi pa caka cisanu cisanafike, ndipo potulukira pace pasatsekedwe ndi munthu ali yense. Mbaula igone panja. Wopezeka atakomoka m'cipinda ca mbaula atulutsidwe msanga ku mpweya ndi kuthamangira naye ku cipatala. Ndipo banja liri lonse likhale ndi mmisiri wace wodziwika, wompatsa moni pa mseu, womuitana pa zazing'ono, womlipira pa nthawi yace. Pakuti munthu wotere akagogodedwa usiku abwera ngati mnansi, ndipo mtengo wace ukhala wa mnansi.

Palinso zimene ziposa mphamvu ya banja limodzi. Sukulu imene iphunzitsa mwana maina a mitsinje ya ku Asia ikhoza kupeza ola limodzi lomuonetsa kusintha kamphira ka mpopi wa pabwalo pa sukulu pomwepo. Makhonsolo akhoza kusunga poyera maina a amisiri a makalata, kuti munthu asasankhe mcimbulimbuli pa cikwangwani ca pa mtengo, ndiponso ayenera kuletsa molimba mtima kumanga zipinda pamwamba pa mapaipi a suweji. Makolo nao aleke kulankhula za umisiri ngati cilango. Mwana amene amva atate ace akuti "iwe" kwa mmisiri wa imvi waphunzira kale nchito imene sadzaisankha, ndipo dziko la makalaliki okhaokha lidzalemba makalata okongola odandaula za madzi, popanda wowerenga makalatawo wodziwa kugwira sipanala.

Mwamuna uja wa usiku wa Juni anayanika mabuku a ana pa dzuwa, anataya ufa, analipira mmisiri theka la mtengo nalonjeza kuti lotsala adzapereka mwezi ukatha. Ku ofesi anasimba nkhaniyo mokometsera, ndipo anzace anabvomerezana naye kuti dziko lino laonongeka. Dothi labwereranso pa cotsekera cija, udzu wamera pamwamba pace, ndipo m'denga, pamwamba pa cipinda ca ana, giza yayamba kuonetsa kadontho kofiira ka dzimbiri. Madzi saiwala khwawa. Mmisiri naye saiwala nyumba imene inamdya theka la thukuta lace, ndipo usiku umene citseko cace cidzagogodedwanso, mwina adzakhala ali m'tulo tatikulu.